Mkuwa wathu unachokela kuti?

Aliyense amene anapita ku pulayimale mu Zambia adziwa tanthauzo la mtundu wa olenji pa mbendela yathu. Uimila chuma cha pansi pa nthaka, maka-maka mkuwa. Tinaloweza na maina a matauni kumene umakumbidwa: Kitwe, Chingola, Mufulira, Luanshya, ndipo masiku ano tawonjezapo Solwezi. Koma palibe mgodi umene unapangapo mkuwa. Mgodi umafukula chabe zimene wapeza. Dziko lapansi nalo silinapangepo mkuwa olo kachidutswa kamodzi, chifukwa lilibe moto wokwanila nchito imeneyo. Mkuwa umene uli mu waya wa chaja ya foni yanu ni wakale kuposa dziko, ni wakale kuposa dzuwa. Unaphikidwa mkati mwa nyenyezi zimene zinafa dzuwa lisanayambe kuwala.

Ine nimathandiza pa wailesi ya m'dela lathu, kopanda malipilo, ndipo setifiketi yanga ni ya utolankhani. Nkhani za kumwamba zinanipeza mu 2024, chaka cha chilala, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambili tsiku lililonse. Lusaka inada, ndipo anthu anayamba kuona zimene malaiti anali kubisa. Tsiku lina pa pulogilamu ya achinyamata, mtsikana wina wa ku Kabwata anatuma foni. Anafunsa kuti chinthu choyela monga utsi chimene chinadutsa pakati pa thambo usiku wathawo chinali chiyani. Ninamuyankha kuti ni mlalang'amba, gulu la nyenyezi mabiliyoni ambili limene dzuwa lathu lilimo, limene pa Chizungu amati Milky Way. Iye anafunsanso kuti, "Nanga nyenyezi zonsezo n'zofanana?" Funso limenelo linanichititsa kuwelenga kwa miyezi, ndipo zimene ninapeza zitikhudza ife a mu Zambia kuposa mmene mungaganizile.

Tiyambe na funso limene wina angafunse ali pa mzele wa minibasi: munthu angadziwe bwanji zimene zili mu nyenyezi imene sadzafikako? Chiyambi cha yankho chili pa mbaula. Mukamwaza mchele pamoto, malawi amasanduka achikasu. Amene anaonapo anyamata a sikilapu akuwocha waya kuti achotse pulasitiki adziwa kuti moto wake umakhala wobiliwila. Ni mkuwa umene umachita zimenezo. Chilichonse mwa zinthu zoyambila zimene kusukulu tinali kuzitcha maelementi chili na kuwala kwake-kwake, monga mmene chala chanu chinasiyila chidindo chake-chake pa NRC. Mu 1859, ku Heidelberg m'dziko la Germany, Gustav Kirchhoff na Robert Bunsen anaonetsa kuti mukadutsitsa kuwala mu galasi imene imakutambasula monga utawaleza, elementi iliyonse imasiya timizele pamalo ake. Bunsen ameneyu ni uja wa kasitovu ka gasi ka mu labu ya kusekondale. Mu 1868 akatswili anaona mzele mu kuwala kwa dzuwa umene sunagwilizane na chinthu chilichonse chodziwika. Anachipatsa dzina lakuti hiliyamu, ndipo pano padziko anachipeza mu 1895. Ndiye kuti chinthu chinadziwika kumwamba zaka 27 chisanagwilidwe na manja.

Mu 1925, Cecilia Payne, mtsikana wa ku England amene anali kuphunzila ku Harvard, anawelenga timizele tija mosamala ndipo anapeza kuti nyenyezi zinapangidwa pafupifupi na zinthu ziwili chabe, haidrojeni na hiliyamu. Mu dzuwa lathu, zina zonse mukaziika pamodzi, okosijeni, kaboni, chitsulo, mkuwa, golide, sizifika magawo 2 pa 100 a kulemela kwake. Ise tonse, na nyumba zathu, na nshima yathu, tinapangidwa na zotsala zochepa zimenezo.

Chifukwa chake n'chakuti pachiyambi, zaka 13.8 biliyoni zapitazo, kunalibe zina zija. Kunali haidrojeni magawo atatu pa anayi, hiliyamu gawo limodzi, na lithiyamu pang'ono kwambili. Kunalibe kaboni ya malasha, kunalibe chitsulo chopangila mbaula, kunalibe kashiamu ya mafupa a munthu wowotha moto. Mu 1957 akatswili anayi, Margaret Burbidge, Geoffrey Burbidge, William Fowler na Fred Hoyle, anafotokoza mwatsatanetsatane mmene nyenyezi zimaphatikizila tinthu topepuka kuti tikhale zinthu zolemela. Nyenyezi ni ng'anjo. Ikafa, imamwaza zimene inaphika mu gasi na fumbi zimene zili pakati pa nyenyezi, ndipo nyenyezi zatsopano zimabadwa mu gasi imeneyo. Mbadwo uliwonse umayamba na zambili kuposa umene unapita. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo kumwamba mwambi umenewo umagwila nchito ndendende.

Nyenyezi siziphika zofanana, ndipo sizipakula panthawi imodzi. Zikuluzikulu zimatha msanga, pa zaka mamiliyoni ochepa chabe, ndipo zimaphulika koopsa. Izi ndiye zimatipatsa okosijeni imene tipuma, komanso mkuwa wambili umene ulipo. Nyenyezi zapakati-kati zimakhala nthawi yaitali, ndipo zikakalamba zimavula zikopa zake pang'ono-pang'ono, kusiya kaboni, naitrojeni na mtovu wambili. Chitsulo chochuluka chimachedwa. Chimabwela pamene kanyenyezi kakufa kale, kamene kali na mnzake pafupi, kalemela mopitilila n'kuphulika, ndipo zimenezi zingatenge zaka mamiliyoni mazana ambili kapena kupitilila biliyoni. Golide ali na njila yake. Pa 17 August 2017 makina a akatswili anagwila kugundana kwa nyenyezi ziwili zakufa zolemela kwambili, ndipo kuwala kumene kunatsatila kunaonetsa kuti kugunda kotelo kumapanga zitsulo zolemela za mtundu wa golide.

Popeza okosijeni imafika msanga ndipo chitsulo chimachedwa, kuyelekezela ziwilizi mu nyenyezi kuli monga kuona nkoloko. Nyenyezi imene ili na okosijeni yambili koma chitsulo chochepa inabadwa kale, chitsulo chisanafike. Mmodzi wa anthu amene anayala maziko a kawelengedwe aka anali Beatrice Tinsley, mayi amene anakulila ku New Zealand ndipo anamwalila mu 1981 ali na zaka 40 chabe.

Apa m'pamene pali yankho la mtsikana wa ku Kabwata uja. Nyenyezi za mu mlalang'amba sizifanana, ndipo kusiyana kwake kuli na dongosolo. Mlalang'amba wathu uli monga lubango lozungulila, ndipo kuwala kumatenga zaka pafupifupi 100,000 kuti kuchoke mbali ina kufika mbali inzake. Dzuwa lili pa mtunda wa ulendo wa kuwala wa zaka 26,000 kuchoka pakati. Mukayang'ana gasi na nyenyezi zazing'ono msinkhu zimene zili mkati kuposa ise, mupeza kuti zili na okosijeni na chitsulo chambili kuposa za kuno. Mukapita kunja, zinthuzi zimachepa. Kumalo amene ali kutali kuwilikiza kawili mtunda wa dzuwa, chitsulo chimatsika kufika pa theka la cha kuno kapena kuchepela apo. Mu 1971 Leonard Searle anaonetsa kuti milalang'amba ina yozungulila monga wathu ilinso chimodzimodzi: pakati m'polemela, m'mphepete m'mosauka.

Kuti nimvetse chifukwa chake, ninaganizila mmene Lusaka inakulila. Likulu linasamuka ku Livingstone kubwela kuno mu 1935. Tauni inayambila kufupi na njanji na Cairo Road, kenako malo monga Kabwata, Woodlands na Kabulonga anadzala, Chelstone inamela m'mbali mwa Great East Road, ndipo lelo anthu amanga ku Chalala na ku Silverest. Pitani pa yadi yakale ku Kabwata muone. Pali mtengo wa mango umene anabzala agogo a munthu wina, pali njelwa zakale zimene zinalowa mu khoma latsopano, pali nthaka yakuda na phulusa la mibadwo itatu. Pitani pa puloti yatsopano kunja kwa tauni, mupeza miyala, udzu na mulu wa mchenga. Palibe amene anatembelela puloti ija. Pangokhala kuti sipanakhalepo anthu ambili kwa nthawi yaitali kuti asiyepo zinthu. Mlalang'amba nawo unakula kuchoka mkati kupita kunja. Pakati, gasi inaunjikana msanga, nyenyezi zinabadwa zambili, zinafa zambili, ndipo zinasiya zambili. Kunja gasi ni yopyapyala, nyenyezi zimabadwa mwa apo na apo, ndipo kumagwabe gasi yatsopano yopanda kanthu imene imasungunula zochepa zimene zilipo, monga kuthila madzi mu supu ya ndiwo.

Chithunzi ichi sichiima malo amodzi, chifukwa nyenyezi zimasamuka. Pozungulila pakati pa mlalang'amba zimakankhidwa na mikono ya mlalang'ambawo, ina imapita mkati, ina kunja. Koma kulikonse kumene nyenyezi yapita, kunja kwake kumasungabe zinthu za mu gasi imene inabadwilamo. Ise a pa wailesi tidziwa bwino zimenezi. Munthu akatuma foni n'kupeleka moni chabe, nimamva ngati anakulila ku Petauke, ku Kasama kapena ku Monze, olo akhale kuti wakhala mu Chelstone zaka 20. Nyanja yathu ya mu tauni ni yosakaniza, koma lilime limasunga kwawo. Akatswili amamvela nyenyezi mwa njila yofanana. Mu 2018, pogwilitsila nchito setilaiti ya Gaia imene inaponyedwa mu 2013, anapeza gulu lalikulu la nyenyezi zimene kayendedwe kake na zinthu za mkati mwake zinasiyana na zinzake. Zinali zobwela. Zinabadwila mu mlalang'amba wina waung'ono umene unamezedwa na wathu zaka pafupifupi 10 biliyoni zapitazo. Kwawo kunatha kale-kale, koma zikali kukamba chinenelo cha kwawo.

Dzuwa lathu linabadwa zaka 4.6 biliyoni zapitazo, pamene mlalang'amba unali utakhala kale zaka mabiliyoni ambili. Tinafika pa yadi imene inali na zosiyidwa zokwanila kupanga dziko la miyala, madzi na magazi. Olo n'telo, mkuwa unali wochepa. Mu tani imodzi ya miyala wamba simupeza magalamu 100 a mkuwa. Chimene chinachitika ku Copperbelt na ku Katanga n'chakuti zaka mamiliyoni mazana ambili zapitazo, madzi otentha amchele anayenda m'miyala, kusonkhanitsa mkuwa womwazikana na kuusiya malo amodzi. Nyenyezi zinaphika, nthaka inasefa, ndipo makolo athu anaupeza. Ku Ing'ombe Ilede, kufupi na Siavonga, mu 1960 kunafukulidwa manda a anthu amene anaikidwa na mitanda ya mkuwa na mawaya ake zaka mazana angapo zapitazo, kukalibe kampani ya migodi olo imodzi m'dziko lino.

Gawo la nkhaniyi limene linanikhala pamtima ni la milalang'amba ing'onoing'ono. Usiku wina mu October chaka chija, malaiti atapita, ninali kwa mlongosi wanga ku Chelstone. Chapakati pa usiku, kum'mwela, ninaona timitambo tiwili toyela timene sitinali kuyenda na mphepo. Ni Magellanic Clouds, milalang'amba iwili yaing'ono imene ili pafupi na wathu. Anthu a ku London na ku Berlin sangaione, koma ise kuno tingaione na maso chabe. Mu waukulu wa iwiliyi munaphulika nyenyezi mu February 1987, ndipo kuphulikako kunaoneka kopanda telesikopu kuno kum'mwela kwa dziko, ngakhale kuti kuwala kwake kunayenda zaka zoposa 160,000 kuti kufike.

Timilalang'amba tiwiliti ni takale, ndipo tikali kubeleka nyenyezi. Koma ni tosauka. Waukulu uli na zinthu zolemela pafupifupi theka la mlingo wa dzuwa lathu, waung'ono pafupifupi gawo limodzi pa magawo asanu. Mu 2004 Christy Tremonti na anzake anapima milalang'amba 53,000 ndipo anapeza kuti ni mmene zilili pafupifupi kulikonse: mlalang'amba ukachepa, chuma chake cha maelementi chimachepanso. Chifukwa china n'chakuti ing'onoing'ono imasandutsa gasi kukhala nyenyezi mochedwa. Koma chifukwa chachikulu chimene iwo anaona ni kutaya. Nyenyezi zikaphulika, zimaponya gasi yotentha paliwilo lalikulu. Mlalang'amba waukulu uli na mphamvu yokoka yokwanila, ndiye gasi ija imakwela, imazizila, n'kugwanso monga mvula, ndipo nyenyezi za mawa zimabadwilamo. Waung'ono ulibe mphamvu yogwila. Umaphika bwino-bwino, koma zophikazo zimauluka n'kupita, ndipo ana ake amabadwila mu gasi yosauka monga makolo awo.

Pamene ninawelenga zimenezi ninaganiza za mathilaki amene timapishana nawo pa Great North Road na pa Kafue Road, atanyamula mapuleti a mkuwa kupita ku madoko a Dar es Salaam, Durban na Beira. Mu 2024 Zambia inakumba mkuwa pafupifupi matani 800,000, ndipo umabweletsa pafupifupi magawo 70 pa 100 a ndalama za zinthu zimene timagulitsa kunja. Wambili umachoka usanasanduke chinthu chimene munthu angagwilitsile nchito. Umabwelanso uli mu foni, mu fani, mu invata na mu pampu ya sola, ndipo timaugula ku Kamwala na ku Town Centre pa mtengo wa dola. Ku Luanshya kuli ZAMEFA imene imapanga mawaya na makebo, zimene zionetsa kuti nchitoyi tingaikwanitse, koma gawo limene limasulidwa kuno likali laling'ono. Ndipo nthawi zina chimene chimatsala kumbuyo ni choipa. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukali mu fumbi imene ana a m'makomboni a kufupi na mgodiwo amasewelelamo. Phindu linauluka, poizoni inakhala.

Si mkuwa wokha umene umauluka. Pa anzanga amene tinamaliza nawo giledi 12, amene anali akuthwa kwambili pa samu na sayansi ambili ali ku Johannesburg, ku Perth kapena ku Manchester. Siniwaimba mlandu. Munthu amapita kumene nchito yake ili na mtengo. Koma anaphikidwa kuno, na misonkho ya kuno, na ndalama za amayi awo za pa msika, ndipo zimene adzasiya akadzakalamba zidzalemeletsa yadi ya ena.

Fanizo lili na polekezela. Mlalang'amba sungasankhe kulemela kwake, ndipo mphamvu yake yokoka ni ya chibadwa. Mphamvu yokoka ya dziko imapangidwa na anthu. Ni malamulo a misonkho amene sasintha chaka na chaka, ni magetsi amene fakitale ingadalile, ni makoleji amene ali na malabu ogwila nchito, ni nchito zimene zingachititse injiniya wa zaka 28 kukhala. Mu April 2022, muno mu Lusaka, Zambia na DR Congo anasainilana pangano lakuti azipanga zinthu za mabatile a motoka za magetsi m'malo motumiza miyala chabe. Boma linaikanso cholinga chofika matani 3 miliyoni pachaka podzafika 2031. Nambala imeneyo imamveka bwino pa nyuzi. Koma milalang'amba yaing'ono ija nayo imaphika. Funso limene ise achinyamata tifunika kufunsa ofuna mavoti athu, pa misonkhano na pa mapulogilamu a foni, ni lakuti pa matani amenewo ni angati adzasulidwa kuno, ni ana angati a ku Kabwata na ku Chelstone adzalembedwa nchito yowasula, ndipo ndalama zake zidzamanga chiyani chimene chidzatsala mkuwa ukadzatha. Chifukwa udzatha. Nyenyezi zimene zinaupanga zinafa, ndipo dziko silidzalandilanso wina.

Sayansi imene natchula nayo siili kutali na ise. Ku Sutherland mu South Africa kuli telesikopu yaikulu ya SALT, imene inatsegulidwa mu 2005, ndipo nchito yake yaikulu ni kuwelenga timizele tija twa mu kuwala. Ku Karoo kuli MeerKAT, mbale 64 zomvela mafunde a wailesi ochokela kumwamba, zimene zimaona gasi ya haidrojeni imene nyenyezi zimabadwilamo. Zambia ni limodzi mwa maiko 8 a mu Africa amene ni othandizana na South Africa pa pulojekiti yaikulu ya SKA. Mwana amene achita physics ku UNZA lelo angagwile nchito imeneyi ali mu Africa muno.

Ngati mufuna kudzionela mweka, simufunika kugula kanthu. Mu June, July na August, thambo likakhala lopanda mitambo komanso mwezi kulibe, chokani pamene pali malaiti, ikani foni m'thumba kwa mphindi 15 kuti maso azolowele mdima, ndipo yang'anani pamwamba pa mutu chakumadzulo kutada. Pamene mlalang'amba waoneka wotupa komanso wowala kwambili, ndiye pakati pake, kumene kuli nyenyezi zolemela na zitsulo kuposa dzuwa lathu. Timitambo tiwili tosauka tija muzitifuna kum'mwela mu October, usiku kwambili, mvula isanayambe. Tengani mng'ono wanu, mumuonetse zonse ziwili, ndipo mumuuze chifukwa chake china chinalemela pamene china chinatsala.